Mafuta opaka pa thabwa la mfuti ya malemu bambo, ndithandizeni maganizo

mwana_wa_kapitawo

Akuluakulu moni nonse. Ndabwera ndi nkhani yachilendo pang'ono koma ndikudziwa kuti muno muli akalipentala komanso ena amene munagwirako mfuti movomerezeka nde mwina wina andiunikira.

Bambo anga anatisiya chaka chatha. Anagwira ntchito zaka zambiri ngati kapitawo pa esiteti ina ya tiyi kuno ku Thyolo ndipo anandisiyira mfuti yawo, shotigani ya mpope umodzi, 12 bore (ndiye kukula kwa mpope), pachitsulo panalembedwa W.W. Greener GP. Anaigula kwa bwana wawo wina pomwe ankabwerera kwawo, ine ndisanabadwe. Zamapepala ndinathana nazo, kupolisi ndinayenda mpaka layisensi inatuluka m'dzina langa, nde mbali imeneyo ili bwinobwino.

Chikundipweteka mtima ndi thabwa lake, stock ija. Bambo atayamba kudwala msuweni wanga wina pofuna kuwathandiza anangotenga vanishi wa zitseko nkuimata yonse, panopa vanishi uja akukanganuka ngati khungu la njoka, pena pakuwala pena pali mbuu. Kutsogolo komwe thabwa limakumana ndi chitsulo kwada bii ndipo ndikakanikiza ndi chikhadabo kukumveka kofewa. Palinso timaenje tambiri pomwe inkagundidwa, ndi malo ena ake pogwirira pomwe panasalala ndi dzanja la bambo, amenewo nde sindikufuna afufutike olo pang'ono chifukwa ndikagwira pamenepo ndimawakumbuka.

Ndafunsa anthu kumudzi kuno aliyense akunena zake. Wina akuti paka oyilo wakuda wa galimoto ngati mmene timachitira ndi mapaso kuopa chiswe, wina akuti mafuta ophikira akwana, wina polishi wa pansi, wina akuti ingobwereza vanishi. Ndinapita mu hadiweya ina ku Limbe ndinapeza raw linseed oil, boiled linseed oil ndi teak oil, wogulitsayo sanathe kundilongosolera kusiyana kwake nde ndinabwerako chimanjamanja.

Funso langa ndi loti ndigule ati, ndipake bwanji, makoti angati? Komanso kuno mukudziwa chiperoni chake, zinthu siziuma msanga, kodi ndiyambe pano mu Seputembala kapena ndidikire? Sindikufuna iziwala ngati kabati ya mu shopu ayi, ndikungofuna ibwerere mmene inkaonekera bambo akamaipukuta Loweruka madzulo pakhonde.

kalipentala_wa_Ndirande

Pepani ndi maliro achimwene. Mfuti sindinagwirepo zambiri, ziwiri zokha zomwe eni ake anandibweretsera thabwa lokha atamasula, koma matabwa ndakhala nawo zaka zoposa 20 nde ndiyankhe mbali imeneyo.

Choyamba oyilo wa galimoto ayi ndithu, mafuta ophikiranso ayi. Mafuta alipo a mitundu iwiri, ena amauma ena sauma. Linseed ndi tung, onsewa ndi mafuta ochokera mu njere, akakumana ndi mpweya amalimba mkati mwa thabwa nkukhala ngati kachikopa, pomwe oyilo wa injini, mafuta ophikira, a nsatsi, amenewa amangokhala onyowa mpaka kalekale, amafewetsa thabwa ndipo ophikirawo amayamba kununkha moipa nkumaitana nyerere ndi nkhungu. Kuda komwe mukukuona pafupi ndi chitsuloko ndi zomwezo, ndi oyilo wopakira zitsulo amene wakhala akutsikira m'thabwa zaka zonsezi.

Pa atatu mwawaonawo ine ndingatenge boiled linseed. Dzinalo lisakunamizeni, masiku ano sikuti amawawiritsa, amathiramo mankhwala oumitsa, nde koti yopyapyala imauma tsiku limodzi kapena awiri pomwe raw angakutengereni wiki kapena kupitirira, nanji kwanu kozizirako. Teak oil ndi chisakanizo, kampani iliyonse imathiramo zake, ena amakhala ndi vanishi pang'ono, pa mipando yapanja ndi abwino koma apa ndingawasiye. Mugulenso tepentaini kabotolo kamodzi.

Musanagule nkomwe mafutawo ntchito yaikulu ndi kukonza thabwalo. Onetsetsani kaye kuti mulibe chipolopolo, kenako masulani thabwa lichoke ku chitsulo, osagwira ntchitoyi zili pamodzi. Vanishi muchotse ndi paint remover, mupake, mudikire atukusire, mupale ndi kapulasitiki kolimba. Ife ku shedi timapala ndi galasi losweka koma ngati dzanja lanu silinazolowere musayese, limakumba. Soda uja wa caustic osayandikitsa, anthu amamukonda chifukwa amachotsa fasti koma amawotcha thabwa nkulisintha mtundu.

Timaenje tija tengani kansalu konyowa muike pamwamba pake nkukanikiza ndi simbi yotentha, nthunzi imalowa nkutukumutsa thabwa, mubwereze kangapo muona tikukwera. Zimatheka pomwe thabwa linangophwanyika, koma pomwe linadulidwa kapena kubenthuka sipangabwerere, pamenepo mungovomereza.

Pomwe pada paja pamafuna kuleza. Sinjani choko wa kusukulu akhale ufa, musakanize ndi acetone kapena sipiriti wa pepo zikhale ngati phala, mumate pamenepo nkuika padzuwa. Choko amayamwa oyilo nkusanduka wachikasu, mukatero mukolope ndi burashi mumatenso wina, olo kasanu olo kakhumi mpaka aziuma ali woyera. Dzuwa la Seputembala ndi Okutobala ndi labwino pa zimenezi. Kuda konse sikungathe koma kufewa kumachepa. Mukapeza mng'alu pamenepo, imani kaye, musaiwombe mfutiyo mpaka munthu wodziwa mfuti ataiona chifukwa mphamvu yonse ya kugunda imathera pamenepo.

Sandipepa nde ndikupempheni, pang'ono chabe. Yambirani 240 kenako 320 mumalize 400, motsata mizere ya thabwa osati mopingasa, mukulunge pa kathabwa kapena pa labala yofufutira kuti musapange mafunde. M'mphepete momwe thabwa limakumana ndi chitsulo osakhudzamo, mukadyamo pang'ono pokha chitsulo chidzakhala pamwamba thabwa pansi ndipo palibenso chobwezera. Pomwe panasalala ndi dzanja la madala paja ingopadumphani, chotsani vanishi yekha basi. Mukamaliza pukutani ndi kansalu konyowa, likauma mumva tiubweya tadzuka, tidutseni mopepuka ndi 400, kawiri zakwana.

Kupaka kwake. Koti yoyamba sakanizani theka mafuta theka tepentaini kuti alowe mkati, pakani mokwanira paliponse, mudikire mphindi 15 kapena 20, kenako PUKUTANI mpaka thabwa lioneke ngati simunapake kanthu. Apa nde pomwe anthu ambiri amalakwitsa, amaona kuwala kwa mafuta onyowa nkumati zakongola nkuzisiya choncho, mawa lake amapeza zomata ngati ulimbo zomwe siziuma mwezi wathunthu. Makoti otsatirawo ndi timadontho chabe pachikhatho.

Ndipo chonde chonde sanza zomwe mwapukutira linseed musaziunjike pakona kapena kuziponya mu katoni, zimatentha zokha mpaka kuyaka moto popanda machesi. Ziyanikeni panja chotambasula kapena muziviike m'chitini cha madzi. Izi sizongokamba, shedi ya mnzanga inapsa mbali imodzi usiku chifukwa cha zimenezi.

mdzukulu_wa_Keyala

Akalipentala anena zoona zokhazokha. Ine ndingowonjezera zomwe ndinamva kwa agogo anga aamuna, anali msilikali wa KAR (King's African Rifles, Keyala uja) ndipo anakafika mpaka ku Burma pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Mfuti yawo inali Lee-Enfield .303 ndipo ankanena kuti ankapatsidwa mafuta awiri osiyana, oyilo wa zitsulo ndi linseed wa thabwa, ndipo sajeni akakupeza wasokoneza unkaona zakuda. Awo anali raw, ankapaka ndi kansalu nkupukuta, mfuti za asilikali sankafuna ziziwala chifukwa chowala chimaoneka patali, komanso thabwa la mafuta silitereka m'manja mukatuluka thukuta kapena mvula ikamagwa ngati mmene limachitira la vanishi.

China chomwe ndikufuna muchigwire achimwene ndi kasungidwe. Ambiri timaimika mfuti pakona mpope uli m'mwamba titathira oyilo wambiri mkati, nde oyilo uja pang'onopang'ono amatsika nkukalowa m'thabwa, zaka 30 kenako mukupeza zomwe mwapezazi. Mukamaliza ntchito yonseyi muzipaka zitsulo oyilo wochepa kwambiri, kansalu kongonyowa pang'ono, ndipo mukangopaka muziimika chozondotsa, mpope pansi pa kansalu, kwa masiku angapo. Komanso osaisunga m'chikwama cha chikopa kapena kuikulunga mu bulangete nthawi ya mvula, zimasunga chinyezi, chitsulo chimachita dzimbiri thabwa nkumera nkhungu. Malo okiyika, ouma, kutali ndi ana.

Zipsera zina zisiyeni. Agogo anga ndodo yawo yoyendera ndili nayo mpaka lero ndipo sindinaipalepo.

wa_ku_Birmingham

Ndawerenga mpaka mtima wanga wakhudzidwa chifukwa mfuti yanuyo kwawo ndi kuno komwe ndikukhala. Birmingham ili ndi dera lomwe mpaka lero amalitcha Gun Quarter, ndipo Proof House yomwe amayesera mipope ya mfuti inakhazikitsidwa mu 1813 ikugwirabe ntchito, mukayang'anitsitsa pa mpope wanu pafupi ndi chitsulo chachikulu mupeza tizidindo tating'onoting'ono ta kumeneko. GP ndi General Purpose, kachitidwe kake ndi ka mfuti zakale zotchedwa Martini, kaja kotsitsa chogwirira pansi, zinapita zambiri ku Africa kwathuko nthawi ya atsamunda chifukwa sizifa wamba. Thabwa lake kawirikawiri limakhala walnut, nde muli ndi mwayi, walnut ndi mtengo womwe umakondana ndi mafuta kwambiri. Pomasula muchotse kaye chotsekera cha kumbuyo komwe mumagunditsa paphewa, mkatimo muli bowo ndipo bawuti lalitali lili momwemo, mufunika sikuludiraiva yaitali ndipo muonetsetse kuti yalowadi m'kamwa mwa bawuti musanapotokole, ikalowa pambali nkukakamiza mung'amba thabwa.

Ine ndimapita kowombera mbale zadothi ma weekend ena ndi anzanga a kuntchito, ndipo ndinakonzapo stock ya mfuti yanga yakale ndi ya air rifle imodzi, nde ndikuuzeni zomwe ndinaphunzira kwa madala ena kumeneko.

Walnut ali ndi timabowo tambirimbiri, mukayang'ana pafupi muona ngati timizere tobooka. Mukangopaka mafuta osatitseka thabwa limaoneka bwino koma silisalala, ndipo chinyezi chimalowera momwemo. Njira yake ndi iyi, koti yoyamba ija akalipentala anena ikauma masiku awiri atatu, donthezani mafuta pa kachigawo kakang'ono nkumakwecha ndi sandipepa wa madzi wa 400 mafutawo ali pomwepo, fumbi la thabwa limasakanikirana ndi mafuta nkupanga kaphala kabulawuni, kaphala kameneko nde kotsekera mabowo. Mukafikitse ndi chala mopingasa mizere kuti kalowe, chotsalacho mupukute mopepuka, musiye masiku awiri, mubwerezenso. Kawiri katatu kenako 600. Mukaliika pa kuwala nkuona kuti timabowo tatha mwamaliza gawo limenelo.

Kuchokera apo ndi dzanja basi. Madontho atatu kapena anayi mbali imodzi yonse, osapitirira, mufikise ndi chikhatho mwamphamvu mpaka mumve kutentha, mupitirize mpaka pasakhale ponyowa, mupachike pamalo podutsa mphepo popanda fumbi. Mawa mugwire ndi kuseri kwa chala, ngati pakumata olo pang'ono musawonjezere, dikirani. Zikakana kuuma pukutani ndi kansalu ka tepentaini muchotse zochulukazo muyambirenso. Kuno ali ndi kanenedwe kakale koti kamodzi patsiku kwa wiki, kamodzi pawiki kwa mwezi, kamodzi pamwezi kwa chaka, kenako kamodzi pachaka moyo wonse. Simuyenera kukatsata ndendende makamaka ku Thyolo komwe tsiku limodzi mwina silikwana kuuma, koma kakukuuzani mtundu wa ntchito yomwe mukuiyamba. Makoti 10 mpaka 15 muyamba kuona kuwala kuja kochokera mkati, kosachita phuliphuli.

Makampani a ku London ngati Purdey, yomwe inayamba 1814, ndi Holland & Holland, mfuti zawo zodula zija amamalizanso ndi mafuta ndi dzanja kwa masabata ambiri. Kufiirira komwe mumakuona pa mfuti zachingelezi kumachokera ku muzu wotchedwa alkanet, amauviika mu linseed mpaka mafuta afiire nkupaka poyambirira. Inu musavutike nazo, thabwa la zaka zambiri ngati lanulo linafiira kale lokha ndipo linseed pakapita nthawi amadetsa thabwa pang'ono.

Mudzamvanso za Tru-Oil wa kampani ya Birchwood Casey ya ku America, nde wotchuka kwambiri, amauma maola ochepa ndipo makoti 6 kapena 8 mwamaliza. Amateteza madzi kuposa linseed wamba, zimenezo sindingakane. Koma ngakhale dzina lake likuti oil khalidwe lake lili pafupi ndi vanishi, amakhala pamwamba nkumawala, ndipo pa zomwe mwanena kuti mukufuna ine sindingakulangizeni. Ndinapaka pa air rifle yanga, thabwa lake ndi beech lomwe silimwa mafuta bwino, pamenepo anagwira ntchito. Komanso ndi zoyaka moto nde musatume wachibale kuti akunyamulireni m'chikwama pa ndege.

Chilungamo chake linseed sikuti amatsekeratu madzi, mvula ikakupezani kumunda mukafika kunyumba pukutani, isiyeni iume payokha kutali ndi moto, kenako kadontho kamodzi. Ubwino wake ndi woti pakakandika simuchita kupala thabwa lonse, mumangofikisa pomwepo nkutha.

Timizere todulidwa pogwirira tija ngati tilipo musatikweche ndi sandipepa, chotsani vanishi ndi paint remover ndi mswachi wakale, pomwe mukupaka makoti enawo mutitchinge ndi tepi, kumapeto kwenikweni nde mudutsemo ndi mswachi wonyowa mafuta pang'ono kamodzi kapena kawiri. Mukatidzaza mafuta timatsekeka.

nyaMzuzu

Ine si wa mfuti, ntchito yanga ndimagulitsa ziboliboli ndi mbale zamatabwa, koma ndaona akalipentala atchula tung nde ndati ndilowererepo. Anthu ambiri sadziwa kuti mafuta amenewa tinkalima konkuno. Mzinda wa Mzuzu unayambira pa esiteti ya tung cha m'ma 1947, ndipo kwanu komweko ku Thyolo ma esiteti ena ankalimanso tung pambali pa tiyi, mwina bambo anu mitengo yake ankaidziwa. Mtengowu kwawo ndi ku China, mafuta amachokera mu njere zake, ndipo njerezo ndi poizoni sizidyedwa. Lero tikuchita kuitanitsa kunja kabotolo kakang'ono pamtengo wodula, zimandimvetsa chisoni.

Ine ndimagwiritsa pure tung oil pa mbale zanga, amandibweretsera mchemwali wanga wa ku Joni. Kusiyana kwake ndi linseed komwe ndakuona ndi maso anga, tung amakana madzi bwino, sadetsa thabwa kwambiri pakapita zaka, ndipo nthawi ya mvula sachita nkhungu msanga pomwe zinthu zomwe ndinapaka linseed zina zinkamera timadontho takuda mu Febuluwale zikakhala m'katoni. Kuipa kwake amachedwa kuuma, masiku atatu kapena kupitirira pa koti imodzi, ndipo mukasiya wochuluka pamwamba amauma mokwinyika nkuchita mbuu ngati chisanu, kuchotsa kwake ndi sandipepa basi. Kuwala kwakenso nkochepa kuposa linseed.

Chenjezo langa ndi pa zitini zolembedwa tung oil finish, mawu oti finish akakhalapo kawirikawiri ndi vanishi wosungunula, tung weniweni amakhalamo pang'ono mwinanso osakhalamo. Yang'anani polembedwa pure kapena 100%.

Kwa inu achimwene poti mukufuna mmene inkaonekera kale ndipo linseed ali pafupi ku Limbe, yambani ndi ameneyo. Ndangofuna mudziwe kuti njira ina ilipo poti kwanuko nkonyowa.

mwana_wa_kapitawo

Zikomo kwambiri nonse, sindimayembekezera kuti mungandipatse nthawi yanu chonchi. Achemwali a ku Mzuzu mwandikumbutsa, bambo ankatchuladi mitengo ya tung kumunsi kwa esiteti, ankatiletsa kutola njere zake tili ana, sindinkadziwa kuti ntchito yake ndi imeneyi.

Ndagula boiled linseed ndi tepentaini dzulo, thabwa ndamasula, bawuti linali lolimba koma latheka. Vanishi wachoka ndipo mtengo wake ndi wokongola, uli ndi mizere yakuda yomwe sindinaionepo chibadwire. Mng'alu palibe, ndayang'ana ndi tochi. Mafunso awiri, mkati momwe mumalowa chitsulo ndi kumbuyo komwe ndachotsa chotsekera kuja ndipakenso kapena ndi kunja kokha? Chachiwiri, mnzanga akuti ndizidutsa steel wool pakati pa makoti, ndili naye wotsukira mapoto kunyumba, ameneyo angachite?

kalipentala_wa_Ndirande

Mkatimo pakani achimwene, makamaka kumbuyoko. Kumeneko ndi kumutu kwa thabwa komwe mitsempha yake inadulidwa, kumamwa madzi ngati bango, mukaimika mfuti pa udzu wa mame chinyezi chimalowera kumeneko thabwa nkutupa. Pakani wosakaniza ndi tepentaini uja mpaka kusiye kumwa, makoti atatu anayi. Komwe kumalowa chitsulo nako pakani koma mopyapyala ndi kaburashi kakang'ono nkupukuta, mukaunjika mafuta akauma chitsulo chidzakana kulowa bwino. Ndipo kumeneko muyambe mwamaliza kaye za choko zija, linseed sauma pamwamba pa oyilo wa zitsulo.

Wotsukira mapoto ayi, ndi wokalipa kwambiri ndipo wina amakhala ndi sopo. Amene amanenedwa pa ntchito ngati iyi ndi wosalala kwambiri wolembedwa 0000, ndipo olo ameneyo ine pa thabwa la mabowo sindimukonda, tizitsulo take timaduka nkutsalira m'mabowo, ikabwera mvula timachita dzimbiri nkusiya timadontho takuda. Ngati mukupukuta bwino koti iliyonse simumufuna nkomwe. Pakakhala kafumbi komata dutsani ndi sandipepa wa 1000 wonyowa mafuta, kapena chiguduli cha jini yakale.

Yambani pano musadikire, muli ndi Okutobala yense ndi chiyambi cha Novembala mvula isanayambe. Koma mukapaka musaike padzuwa la masana, mafuta amabwerera kunja ngati thukuta nkuuma timadontho. Pachikani mkati pafupi ndi windo, kawaya mukakolowetse pa bowo la bawuti.

mwana_wa_kapitawo

Ndabweranso patatha masabata asanu kuti ndikuuzeni mmene zikuyendera. Za choko zinanditengera masiku 9, kuda sikunathe konse koma chikhadabo sichikulowanso. Timaenje tambiri tinakwera ndi simbi, tiwiri takuya ndatisiya, kamodzi ndikukumbuka tsiku lomwe kanapangika, bambo anaterereka pamwala tikuthamangitsa anyani m'munda wa chimanga ine ndili Sitandade 5.

Pa koti yachinayi ndinachulutsa mafuta ndipo inamata masiku anayi, ndinapukuta ndi tepentaini monga munanenera a ku Birmingham nkudikira masiku awiri, zinabwerera bwino. Kuyambira pamenepo ndikuwerenga madontho, atatu mbali iyi atatu mbali inayo, ndipo ndikudumphitsa tsiku chifukwa kuno m'mawa kumakhalabe chinyezi. Pano ndili pa koti ya 11. Botolo lija ndinagula silinatsike olo chala chimodzi. Sanza ndikuyanika pa waya kuseri kwa nyumba.

Dzulo mayi anandipeza ndikufikisa pakhonde, anaima nthawi yaitali osayankhula kenako anatenga thabwalo nkuligwira pomwe panasalala paja, akuti fungo lake ndi lomwe lija bambo ankabwera nalo m'manja Loweruka. Nde zikuoneka kuti nawonso ankapaka linseed yemweyu, ine ndinkangoona kabotolo kopanda pepala pawindo osadziwa kuti muli chiyani.

Mitambo yayamba kusonkhana mbali ya ku Mulanje, ndikuganiza zopaka ena awiri kapena atatu nkuimira pomwepo, kenako ndidikire wiki ziwiri ndisanabwezere chitsulo. Akalipentala, wiki ziwiri zikwana kapena ndiwonjezere poti mvula ili pafupi?